Kalata kwa Wapampando wa Khonsolo ya Goromonzi: a m'makomboni alankhulire kuti?

Olemekezeka a Wapampando,

Ndikulemba ndili ku Mabvuku, kuno ku Harare, pafupi ndi malire a dera lanu. Achewa ambiri a kuno ndi a ku Tafara tili ndi abale m'makomboni a m'mafamu ndi a kumgodi wa Arcturus. Agogo athu anachokera ku Nyasaland, ena ku Tete, kudzalima fodya ndi kukumba golide. Anakalambira konko, ndipo ana awo lero ndi anthu anu.

Ndati anthu anu chifukwa malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 anaimaliza nkhani ya unzika wawo. Ndime 43 imati wobadwira muno malamulowa asanayambe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, iye akukhala momwemuno, ndi nzika mwa kubadwa. Ndime 6 inaika Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka. Kumbukiraninso kuti ufulu wa 1980 utabwera, ogwira ntchito m'mafamu anakhalabe zaka zambiri osavota pa zisankho za makhonsolo, poti kumeneko mawu anali a olipira msonkho wa malo.

Kuvota tsopano akuvota. Chovuta ndi njira imene dandaulo limayendera kuti likafike pa tebulo lanu. Kumudzi, munthu akafuna mjigo amakanena pa msonkhano wa sabhuku (nyakwawa), nkhani n'kupita ku komiti ya chitukuko ya mudzi, kenaka ya wodi, khansala n'kuinyamula kukafika nayo ku khonsolo. Nanga wa m'komboni? Sabhuku alibe, m'buku la mudzi mulibe dzina lake. Kale madzi, chipatala chaching'ono ndi sukulu zinali m'manja mwa mwini famu kapena kampani. Minda itagawidwa kuyambira mu 2000, komanso migodi ina itafooka, zambiri mwa izi zinatha, anthu n'kutsala m'nyumba zimene sangazitche zawo. Fupa lokakamiza limaswa mphika, n'chifukwa chake ndikupempha, sindikulamula: komboni iliyonse yaikulu ikhale ndi komiti yake yodziwika ndi khonsolo, yokhala ndi mpando ku komiti ya wodi.

Misonkhano yokambirana bajeti ifikenso kumakomboni, pa tsiku limene anthu sali pa ganyu. Achinyamata Chishona amachidziwa kuposa ine, koma gogo wa zaka 80 nkhani ya ndalama amaimva bwino m'chinenero chimene anayamwa. Womasulira sangasowe. Ndime 301 ya malamulo aja imati maboma a m'zigawo ndi makhonsolo azilandira ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zimene boma latolera. Gawo la Goromonzi likabwera, anthu auzidwe kuti wodi yawo yapatsidwa zingati ndipo zagwira ntchito yanji.

Chimene chimatisowetsa tulo kwenikweni ndi manda. Anzathu maliro akagwa amanyamula kupita kwawo kumudzi. Ife kwathu n'komweko kukomboni, pa nthaka ya mwini wina, amene mawa akhoza kulima pamwamba pa agogo athu kapena kutiletsa kukasesa. Mphamvu yopatula malo a manda khonsolo ili nayo. Lembani m'kaundula manda akale a m'mafamu, muwaikire malire, ndipo wodi imene ilibe manda a anthu onse muipatse malo.

Za zitupa ndikudziwa kuti ndi za ofesi ina. Komabe kalata ya khansala yochitira umboni kuti mwana anabadwira m'wodi yake imathandiza, ndipo makhansala anu atamazilemba mosavuta, ana ambiri angapeze zikalata zakubadwa asanafike pa mayeso a Giredi 7.

Mukaika tsiku la msonkhano, lengezani kumatchalitchi ndi kumizikiti ya m'makomboni. Ife a ku Mabvuku tidzakwera kombi kudzakhala nawo.

Ine wanu,
Mwana wa m'komboni, Mabvuku