Tambula ija ndinaiona

Mwana wanga,

Kuno tili bwino, kupatula bondo la amayi ako lomwe layambanso mwambo wake wa nyengo yozizira. Ndalama unatumiza zija zinafika, denga la khitchini tinakonza, zikomo. Koma sindinakhale pansi kuti ndilembe za denga.

Lamulungu lapitali mlongo wako anationetsa pafoni kavidiyo kaja ka iwe ukuchita nthabwala pasiteji ku Melbourne. Amayi ako anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, makamaka paja ukutsanzira mmene ndimakuwira pafoni ngati Melbourne ili kuseri kwa phiri. Nanenso ndinaseka, ndisaname. Luso uli nalo. Unali nalo kuyambira uli ndi zaka 8, pomwe unkavala jekete langa la kutchalitchi n'kumachita Izeki ndi Jakobo wekhawekha pakhonde. Koma usiku ndinabwereka foniyo n'kuonera kachiwiri ndili ndekha, ndipo ulendo uno sindinayang'ane nkhope yako. Ndinayang'ana kampando kali kumanzere kwako. Poyamba tambula ya mowa inali yodzaza. Mphindi zinayi zisanathe inali pakati. Kenako dzanja la munthu linatulukira m'mbali n'kuikapo ina. Vidiyo ya mphindi 11, matambula awiri. Ndipo dzanja limenelo ndikulikayikira kuti ndi la mnzako uja amakupezera malo osewera.

Zandifikanso kuti malo ena samakupatsani ndalama, amakupatsani timapepala tokatengera mowa pakauntala. Ndiponso kuti mwezi watha unajomba kawiri shifiti ya m'mawa kunyumba ya okalamba kuja. Usafunse anandiuza ndani. Iweyo ungondiuza ngati ndi bodza.

Ukudziwa kuti TV yoyamba ndinaionera mumzinda womwewo uliwo ku Australia, nditapita kukaphunzira mu 1977, ndili ndi ndevu kale. Kwathu kuno inadzabwera mu 1999. Gogo uja ndinkachita lendi kwake anali asanagule ya makaka, ngakhale anzake onse anali nayo kuyambira 1975. Ankati nkhope ya Graham Kennedy, katswiri woseketsa anthu pa TV, siifuna utoto. Madzulo alionse tikatha kudya nyama ya nkhosa ija inkandinunkhira, ankandiitana kuti tidzaonere pulogalamu ya Kennedy ya Blankety Blanks. Ine Chingerezi cha kusukulu ya mishoni, iwo Chingerezi chotulukira m'mphuno, theka la nthabwala linkandidutsa pamwamba. Koma Kennedy akangotembenuza maso ake otuzuka aja n'kuyang'ana kamera osanena kanthu, ndinkafa nalo phwete ngati wina aliyense. Ankamutcha Mfumu, ndipo sanalakwe. Gogoyo ankandifotokozera monyadira kuti anamuonera kuyambira 1957 pa In Melbourne Tonight, komanso za tsiku lija mu 1975 pomwe anatsanzira kulira kwa khwangwala mpaka kunamveka ngati mawu otukwana, akuluakulu oyang'anira mawayilesi n'kumuletsa kuoneka pamapulogalamu oulutsidwa pompopompo. Ankafotokoza nkhaniyi atagwira pakamwa, koma mapewa akugwedezeka.

Ndiye anthuwa ndikuwadziwa, mwana wanga, kuposa mmene iwe ndi anzako a kubalawo mukuwadziwira. Norman Gunston ndi timapepala take tomata pomwe wadzicheka pometa. Paul Hogan, yemwe ankagwira ntchito pamwamba pa mlatho waukulu wa ku Sydney asanayambe zosangalatsa anthu. Don Lane, Mmereka wamtali uja, ndi Bert Newton pambali pake. Sindikudana nayo ntchito imeneyi. Anthu amenewa ndi amene anandichotsa kusungulumwa m'nyengo yozizira yoyamba ija, pomwe kalata ya kwathu inkatenga masabata kuti ifike.

Koma mvera izi. Graham Kennedy anabadwa pa 15 February 1934. Wanthabwala mnzake Barry Humphries anabadwa pa 17 February 1934. Mzinda umodzi, kusiyana masiku awiri basi. Ndinazitulukira ndekha chaka chomwe Humphries anamwalira, ndipo sizinandichoke m'mutu.

Humphries anali chidakwa chenicheni, osati womwa pa Khirisimasi. Cha m'ma 1970 anamutola m'mphepete mwa msewu ku Melbourne komweko atamenyedwa, asakudziwa kanthu. Anagonekedwa kuchipatala cha anthu ogonja ku mowa, ndipo atatuluka sanaulawenso mpaka kumanda. Tsono taona chomwe anachita. Patapita zaka zochepa anapanga Sir Les Patterson, kazembe woledzera uja wa suti yothimbirira ndi mano aakulu, malovu akuuluka, tambula ili m'manja. Anthu ankagubuduka ndi kuseka poona chidakwa pasiteji, pomwe munthu anali mkati mwa sutiyo anali wosamwa. Ankadziwa pomwe chidakwa chimapunthwa, pomwe lilime limalemera, chifukwa anadutsamo, koma ankazichita mutu uli wake. Munthu wina wa m'masewero ake, Dame Edna, mayi wa ku Moonee Ponds wa magalasi onyezimira uja, anayamba mu 1955, ndipo anamuvala kwa zaka zoposa 60. Mu 2022, ali ndi zaka 88, anali akuimabe pasiteji ku Britain. Anamwalira mu April 2023 ali ndi zaka 89.

Mfumu ija bwanji? Inachoka pa TV isanakwane zaka 60, n'kukadzitsekera kumunda kwake kumapiri a kumwera kwa Sydney, ndi mahatchi ndi galu. Fodya sinasiye, mowa sinasiye, shuga n'kulowapo. Kenako inagwa pamasitepe kunyumba kwake n'kuthyoka mwendo ndi kuvulala mutu. Zaka zotsiriza inathera m'nyumba yosamalira okalamba ku Bowral, komwe inamwalira mu May 2005 ili ndi zaka 71. Nyumba ngati yomwe iwe ukugwiramo ntchitoyo. Mwina mnyamata wina wochokera kutali ngati iwe ankamusambitsa osadziwa kuti munthu ameneyu ankaseketsa dziko lonse.

Ndikudziwa uyankha chiyani. Unena kuti bambo, anthu awiri si umboni, ena amamwa n'kufika zaka 90. Unkatsutsa chonchi ngakhale uli Fomu 2. Chabwino. Ndiye ndikuuze za wachitatu, yemwe sunamuwerenge paliponse.

Kumeneko ali ndi kachitidwe kaja amakatcha shout. Ukudziwa kale, koma ndilola ndinene. Mukakhala anthu asanu, mmodzi amagulira onse, kenako wina, kenako wina, ndipo kuchoka nthawi yako yogula isanakwane ndi manyazi aakulu. Ndiye kuti anthu asanu, matambula asanu, kaya ukufuna kaya sukufuna. Ine anzanga a m'kalasi anandichotsa pamzere wogula. Ankati ndalama zanga za sikolashipu ndi zochepa, ine ndizingofotokoza nkhani. Ndinkawauza za fisi yemwe analowa m'khola la agogo ako, za basi yomwe tinaikankha kuchokera pamlatho mpaka pamsika, za mphunzitsi wathu wa Chilatini. Ankaseka, tambula n'kubwera. Ndikawonjezera bodza pang'ono, ankaseka kwambiri, ina n'kubweranso. Inenso ndinalipidwapo mowa chifukwa cha nthabwala, mwana wanga. Timapepala tako ito ndikutidziwa fungo lake.

Usiku wina wa July 1978 ndinadzutsidwa ndi kondakitala kumapeto kwa njanji ya tramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, dera lomwe sindinalidziwe n'komwe. Jasi lomwe amalume ako anandigulira pochoka linali litapita, nsapato imodzi inali itapita. Kuzizira kwake mano ankachita kugundana. Ndinayenda wapansi kutsata njanjiyo, sokosi itanyowa, n'kufika kunyumba kukuyera. Mayeso a 9 koloko ndinawagonera. Sabata yotsatira ndinalandira kalata yondichenjeza kuti zikachitikanso andikweza ndege. Amayi ako nkhaniyi akuidziwa. Iwe ndinkakubisira dala.

Gogo uja sanandikalipire. Anangondiwiritsira madzi n'kundipatsa jasi la malemu amuna ake, lalikulu ngati thumba la fetereza. Koma mu October chaka chomwecho, TV italengeza kuti Johnny O'Keefe wamwalira, analira ngati wafa ndi mwana wake. Ameneyu anali woimba wawo woyamba wa nyimbo zaphokoso zija, yemwe achinyamata ankamukuwira pa Six O'Clock Rock. Anachita ngozi yoopsa ya galimoto mu 1960, mutu unamusokonekera kangapo, n'kumakhalira mapiritsi, mpaka mtima unaima. Gogoyo anatembenuka n'kundiyang'ana, n'kungotchula zaka zake: 43. Anazitchula kawiri. Kenako anazimitsa TV, chinthu chomwe sankachita nkhani zisanathe.

Ndingakonde kukuuza kuti ndinasiya tsiku lomwelo. Ayi. Zinanditengera zaka zina 12, ndipo njinga yamoto ija mumaiona pachithunzi sinabedwe monga tinkakuuzirani. Ndinaimwera. Ndiye ukamandiona ndikuwerenga matambula pavidiyo ngati wapolisi, usaganize kuti ndi ukalamba. Magazi ako ndi anga, komanso ndi a bambo ako aang'ono omwe tinawaika m'manda kachasu atawadya chiwindi. Anthu ena akhoza kumwa iwiri n'kupita kwawo. Ife a m'banja muno sitinapatsidwe mphatso imeneyo.

Unandiuza pafoni tsiku lina kuti umamwa imodzi kuti miyendo isanjenjemere. Imodzi! Ine ndawerenga ziwiri, ndipo ndi zomwe kamera inaona. Kunjenjemerako ndi kwabwino, ndi komwe kumakusunga uli tcheru. Ndikukumbukira usiku wa mphotho za pa TV zotchedwa Logie mu 1979, Muhammad Ali atabwera ngati mlendo wolemekezeka. Ndinakhala pafupi ndi TV mpaka gogo anati ndipsa maso. Bert Newton, pofuna kuseketsa, anamutchula Ali kuti mnyamata, osadziwa kuti kwa munthu wakuda wa ku America mawu amenewo ndi chipongwe cha nthawi ya ukapolo. Nkhope ya Ali inasintha, n'kufunsa ngati wamva bwino. Ine mtima unaima. Koma Bert anaona msanga kuti waponda pamoto, anadzichepetsa pomwepo, ndipo zinathera kuseka. Kanthawi kochepa kwambiri, kosakwana kumeza malovu. Munthu wa matambula awiri kanthawi kameneko samakaona. Ndipo iwe uli ndi vuto loposa la Bert. Ndiwe wakuda, wakudza, wa viza yoti akhoza kuilanda. Tsiku lomwe lilime lidzaterereke, kapena woledzera mnzako adzakuponyere mawu oipa iwe n'kuyankha ndi chibakera, palibe adzanene kuti anali mowa. Adzanena kuti ndi khalidwe la anthu a kwanu.

Palinso china chomwe mowa umabisa. Ukaledzera sumva kusiyana kwa anthu oseka nawe ndi anthu okuseka. Kamahl, woimba wa mawu okhuthala uja wobadwira ku Malaysia, anakhala zaka zambiri akumwetulira pa pulogalamu ya pa TV ya Hey Hey It's Saturday pomwe ankamuchita nthabwala za khungu lake, ndipo anadzanena poyera mu 2021, atakalamba, kuti zinkamupweteka. Anzanga a kubala aja sindikudziwa mpaka lero kuti ankaseka fisi kapena ankaseka ine. Iwe ukamatsanzira kalankhulidwe kanga, zitsanzira, sindikwiya. Koma uzikhala ndi makutu omva mtundu wa phwete lomwe likubweralo.

Sindikuti usiye. Amayi ako ndi amene akufuna usiye, akuti unesi ndi ntchito, zinazo ndi masewera. Ine ndawauza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ngati ukufuna kukalowa nawo chikondwerero cha anthabwala chija chimachitika mumzinda mwanumo kuyambira 1987, kalowe, ndipo ndidzauza mpingo wonse. Koma shifiti ya m'mawa usajombenso. Agogo aja sanalakwe kanthu, ndipo lendi yako ikuchokera kumeneko, osati m'manja mwa anthu oomba. Eni malo akakupatsa timapepala, uwauze kuti akupatse ndalama, ngakhale zochepa zokwerera tramu. Akakana, bweza. Ngati tambula ndi gawo la sewero lako, thiramo tiyi wopanda mkaka, palibe adzadziwe. Sir Les anapusitsa anthu kwa zaka zoposa 40.

Za mnzako uja. Sindikumudziwa, mwina ndi munthu wabwino. Anzanga aja analinso abwino, mmodzi ankanditumizira khadi la Khirisimasi mpaka m'ma 1990. Koma usiku wa tramu uja onse anandisiya ndikuwodzera pampando, aliyense n'kutsika pasiteji yake. Umuyese. Umuuze kuti mwezi uno sukumwa, uone ngati dzanja lija libweretse madzi kapena lisowe.

Ndatalikitsa, ndipo mlongo wako wanena kale kawiri kuti zala zamuwawa kutaipa. Amayi ako akuti uzivala mpango pakhosi, ndiponso akufunsa za mtsikana uja unamutchula kamodzi n'kukhala chete. Ufa ndi usipa tipatsira aliyense amene angabwere kumeneko, ngati a pabwalo la ndege sakalanda usipawo.

Undiimbire Lamulungu likubwerali. Osati madzulo monga umachitira, ayi. Undiimbire 8 koloko m'mawa nthawi ya kwanuko, utachokera kosewera Loweruka usiku. Kuno idzakhala 12 koloko usiku, ndikudziwa. Ndidzakhala pakhonde ndi foni ya mlongo wako, tulo ndilibe kale masiku ano. Ndikufuna ndidzamve mawu ako nthawi imeneyo.

Ndine,
Bambo ako