Pempho: tithandize madala opuma ntchito ku njanji amene amatikonzera mijigo

Kwa makolo, ana a mudzi uno amene muli m'tauni ndi onse akufuna kwabwino,

Ife a komiti ya mjigo wa pasukulu tikupempha thandizo m'malo mwa madala athu. Ambiri a iwo anali amakaniki ndi owotcherera zitsulo ku Limbe, ndipo anabwerera kumudzi Malawi Railways itaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways (CEAR) mu 1999. Poyamba ankangokumana pa nkhani za penshoni ndi maliro. Ataona amayi akutunga madzi kudambo, mjigo uli chiimire, anatola masipanala awo. Mpaka lero amakonza mijigo ya mtundu wa Afridev m'midzi yozungulira osalandira kanthu.

Luso alinalo, chikusowa ndi zipangizo.

Mjigo wabwino ukapopedwa ka 40 pa mphindi imodzi umatulutsa malita pafupifupi 16. Wathu sukufika ndi theka lomwe. Kalabala ka pa plunger (kachipangizo kokankhira madzi m'mwamba), kamene amati U-seal, kadyeka ndi mchenga. M'mawa ana amapopa nthawi yaitali madzi asanabwere, kusonyeza kuti foot valve (valavu ya pansi yoletsa madzi kubwerera) ikudontha usiku: timalabala take, bobbin kapena O-ring, tatha. Chogwirira nacho chikugwedera chifukwa mabushi apulasitiki aperepeseka, ndipo tikazengereza chitsulo chiyamba kudya chitsulo chinzake, ndalama yake n'kukhala ina. Tizinthu timeneti ndi totchipa, koma tifunika kusintha chaka ndi chaka.

Chodula ndi marodi, zitsulo zazitali zolumikiza chogwirira ndi plunger pansi pa mjigo. Athu ndi akale, dzimbiri lawadya, n'chifukwa chake madzi oyamba amatuluka ofiira. Rodi ikaduka pansi, madalawa amatha tsiku lathunthu akuiwedza. Tikufuna marodi 10 osachita dzimbiri, a mamita atatu iliyonse, ndi malabala ake oteteza kuti rodi isakhule paipi. Pamwamba pa apo, ma U-seal, ma O-ring, ma bobbin ndi mabushi okwanira mijigo isanu, sipanala ya mamilimita 24 imodzi, ndi njinga yakapalasa ngakhale yakale.

Chinanso, madalawa akula. Kuzula marodi 10 mmodzimmodzi si ntchito ya msana wa nkhalamba. Tikupempha anyamata ndi atsikana anayi oti aziyenda nawo Loweruka lililonse, aziwanyamulira akuphunzira.

Thandizo lanu liperekedwe kwa aphunzitsi aakulu kapena amfumu. Msungichuma azilemba chilichonse m'buku, ndipo tidzawerenga pa msonkhano wa makolo. Amene mungathe, gulani chipangizocho nokha mutitumizire.

Zikomo kwambiri,
Komiti ya mjigo wa pasukulu