Kwa Vice Chancellor wa Catholic University of Malawi: sungani mbiri ya Nguludi

Olemekezeka,

Ndikukulemberani ngati mkhristu amene amanyadira sukulu yathuyi. Pempho langa ndi limodzi: patulani chipinda pa Montfort Campus ku Nguludi choti muzisungiramo mbiri ya malo amenewa.

Yunivesiteyi ndi yadzulodzuloli. Aepiskopi athu adaikhazikitsa mu 2004, ndipo idatsegulidwa mu 2006. Koma nthaka imene ophunzira anu amapondapo m'mawa uliwonse yaona zambiri. Ansembe a Montfort adafika m'dziko muno mu 1901, nayambira ku Nzama ku Ntcheu, ndipo posakhalitsa adadzamanga mishoni pa Nguludi. Mu January 1915, pa nkhondo ya John Chilembwe, mishoniyo idatenthedwa ndi anthu a Chilembwe. Ku Mbombwe kumene adachokera ndi m'boma lomwelo la Chiradzulu. Nkhaniyi ndi yowawa mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake ndikulakalaka mnyamata kapena mtsikana wophunzira mbiri ataimvera pomwepo pamene moto udayaka, osati kungoiloweza pokonzekera mayeso.

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi aphunzitsi akale. Yunivesite isanabwere, malowo anali koleji ya Montfort yosula aphunzitsi, ndipo amene adasulidwa kumeneko adabalalika m'sukulu za pulayimale dziko lonse. Ena akadali moyo m'midzimu. Mukawayendera amakutsegulirani sutikesi yachitsulo ya pansi pa bedi, n'kutulutsa satifiketi yofiirira ndi ukalamba, kenaka chithunzi cha anyamata ovala mataye ataima pamzere. Amaloza ndi chala mmodzimmodzi, kutchula dzina lake, kwawo, ndi chaka chimene adatisiya. Gogo wotereyu akatsikira kulichete, sutikesi ija imatsala ya chiswe.

Ntchitoyi siifuna ndalama zambiri. Tumizani ophunzira anu ndi mafoni awo akajambule mawu a agogowa, apemphenso zithunzizo mwaulemu, azijambule ndi kuzibweza kwa eni ake. Masisitere ndi anamwino akale a chipatala cha St Joseph nawonso asaiwalike, pamodzi ndi aphunzitsi a ana osamva ndi osaona amene amasulidwa pafupi pomwepo.

Chonde, Olemekezeka, yambani ndi gulu la ophunzira limene lili pasukulupo chaka chino.

Ine wanu mwa Ambuye,
Mkhristu wa mu Arkidayosizi ya Blantyre