Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg

Wokondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko. Kuno ku Zomba tadzuka bwino. Nkhani yaifupi imene munanditumizira pa WhatsApp ndaiwerenga, ndipo ndafuna ndiyankhe funso lanu lakuti mungaphunzire kuti luso lolemba, popeza ntchito sikukupatsani mpata wopita kusukulu.

Ine mphunzitsi wanga wakhala nkhani zazifupi zimene zimatuluka m'nyuzipepala za kumathero a sabata, monga Malawi News ndi Weekend Nation. Ndimadula imodzi n'kuiwerenga katatu. Ulendo woyamba ndimangomva kukoma kwake, koma kachiwiri ndimatenga pensulo n'kufunsa chiganizo chilichonse ntchito imene chikugwira, bwanji mlembi wayambira pa tsiku la maliro osati pa tsiku limene matenda anayamba, ndiponso ndani akutifotokozera nkhaniyo. Kachitatu ndimakopera ndime yoyamba pamanja, chifukwa dzanja limachedwa ndipo limaona zimene diso ladumpha. Buku lalitali simungalichite zotere, koma masamba atatu mukhoza kuwamaliza muli m'sitima yopita kuntchito.

Chimene chandithandiza koposa ndi kufufuza zomwe mlembi wazisiya dala osazinena, ndipo apa ndi pamene nkhani yanu yandikhudza. Pamene mayi uja akulandira uthenga wakuti mwana wake wamwalira kumigodi, mwalemba kuti anapitiriza kuvundula nsima mpaka inapserera. Chiganizo chimenechi ndi chokwanira, achimwene, ndipo chinandigwetsa misozi. Koma ndime yotsatira mwaidzaza ndi mawu ofotokoza kuti anamva chisoni chachikulu ndi kuti mtima wake unasweka, ngati kuti owerenga sanamve fungo la nsima yopsererayo. Ndikupemphani kuti muichotse.

Muonenso mmene alembi aluso amagwiritsira ntchito mvekero. Mawu akuti "zii" akaikidwa kamodzi, pamalo pake, nyumba yonse imakhaladi chete. Akabwerezedwa pa tsamba lililonse amasukuluka. Miyambi nayonso ndi chimodzimodzi, ndipo ndaona kuti imakoma ikatuluka pakamwa pa mpangankhani wachikulire kusiyana ndi pamene mlembi aitchula yekha pofuna kutilangiza.

Ndikutumizirani zithunzi za nkhani ziwiri zimene ndazilembalemba m'mphepete kuti muone mafunso amene ndimadzifunsa. Mukakonza nkhani ya mayi uja munditumizirenso, makamaka ndime yomaliza, imene ndikuganiza kuti iyenera kuthera pamene mlendo wobweretsa uthenga akuvula chipewa. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu,
wa ku Zomba