Kwa akonzi a tsamba la crossword: mafunso anu asiya chilungamo

Akonzi, ndalemba poyera chifukwa uthenga umene ndinakutumizirani kumbali sunayankhidwe, komanso ndikudziwa kuti alipo ena amene amagula nyuzipepala yanu ya Loweruka makamaka chifukwa cha cryptic crossword ya kumasamba akumapeto. Chisinthireni munthu wolemba mafunso, tsamba limeneli lasokonekera. Sindikudandaula kuti mafunso akuvuta. Ovuta ndiwo timawafuna. Ndikudandaula kuti ambiri mwa iwo munthu sangawapeze ngakhale ataganiza molondola, chifukwa wolembayo akubisa zinthu zimene amayenera kutipatsa.

Masewerawa ali ndi mwambo wake. Funso la cryptic limakhala ndi mbali ziwiri: tanthauzo la yankho, limene limakhala kumayambiriro kapena kumapeto, ndi njira yomangira yankho lomwelo ndi zilembo. Mawu ena alionse oposa pamenepo, kupatula olumikiza mbali ziwirizi, sayenera kukhalapo. Amene anaukhazikitsa bwino mwambowu ndi Derrick Macnutt, wodziwika ndi dzina loti Ximenes, yemwe ankalemba mu The Observer ya ku Britain kuyambira mu 1939 mpaka pamene anamwalira mu 1971, ndipo mu 1966 anatulutsa buku lofotokoza mfundo zimenezi. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti wolemba ali ndi ufulu wotisocheretsa ndi mmene chiganizo chikumvekera, koma mawu ake tikawawerenga limodzilimodzi ayenera kunena zoona. Ndi mmene chilapi chathu chilili. "Nyumba ya amayi yopanda khomo" imakuzunguza mutu, koma akati "dzira" umavomera wekha kuti zonse anakuuza.

Tsono taonani funso limene munasindikiza posachedwapa: "Confused animal becomes a beach (5)". Yankho lake munati SHORE. Kuti munthu afike pamenepo, ayenera kuyamba walota kuti nyama imene ili m'mutu mwa wolembayo ndi HORSE, kenako n'kusakaniza zilembo zake. Nanga nyama za zilembo zisanu m'Chingerezi zilipo zingati? ZEBRA, HYENA, CAMEL, TIGER, SHEEP, zonsezi zikukwana. Anthu a masewerawa amaitcha indirect anagram (anagram ndi kusakaniza zilembo za liwu kuti zipange liwu lina), ndipo nyuzipepala zimene zimalemekeza owerenga siziilola, chifukwa zilembo zoti musakanize ziyenera kuoneka ndi maso m'funsomo. Akanalemba kuti "Horse running wild on the beach (5)" bwenzi funsolo lili labwino, lomveka ngati nkhani ya hatchi yothamanga m'mphepete mwa nyanja, koma chilichonse chili poyera. Kusiyana kwake n'kochepa pa pepala, koma kwa munthu amene wagwira pensulo n'kwakukulu kwambiri.

China ndi manambala a kumapeto kwa funso. LAKE MALAWI ndi mawu awiri, ndiye payenera kulembedwa (4,6). Inu munalemba (10). Munthu amakhala akufunafuna liwu limodzi lalitali limene kulibe. Apa si nzeru za wolemba zimene zatigonjetsa, n'kusasamala chabe, ndipo ndi ntchito ya mkonzi kuona zimenezi tsamba lisanapite ku makina.

Palinso chizolowezi chatsopano chotenga chilembo choyamba cha liwu lililonse popanda chizindikiro. Funso lina linafuna kuti "market" liimire M. Kuchokera kuti? Zidule zovomerezeka zilipo, ndipo timaziphunzira mosanyinyirika ngakhale zambiri n'za ku Britain: "sailor" kukhala AB kapena TAR, "worker" kukhala ANT, mbali za bwalo la cricket kukhala ON, OFF kapena LEG. Zimenezi munthu akhoza kuzitsimikiza mu dikishonale monga ya Chambers. Ngakhale wolemba wanu atati "Blantyre" iimire BT kapena "Lilongwe" iimire LL, ine ndingasangalale, chifukwa aliyense amaziona pa manambala a galimoto, ndipo zingapatse tsambali fungo la kwathu. Koma M wa "market" ali m'mutu mwa munthu mmodzi yekha. Akafuna chilembo choyamba anene kuti "market leader" kapena "start of market".

Mwina mudzayankha kuti si onse amatsatira Ximenes. N'zoona. M'busa John Graham, amene ankalemba mu The Guardian pa dzina loti Araucaria mpaka pamene anamwalira mu 2013, ankamasuka pa malamulo ena, ndipo anthu ankamukonda zedi. Koma iye akapatuka, yankho likatuluka munthu ankaona njira yonse n'kusangalala. Kwa inu, mayankho akatuluka sabata yotsatira timawayang'ana n'kumafunsanabe kuti zatheka bwanji. Ndiponso mabokosi anu sakutithandiza: liwu la zilembo zisanu likumadutsana ndi mawu ena pa zilembo ziwiri zokha, moti funso likakhala lolakwika palibe pogwira.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi achinyamata amene ayamba kumene. Mwana wa mlongo wanga, amene ali ku sekondale, ndinali nditamuphunzitsa kupeza mawu obisika ndi ma anagram osavuta. Pano akuti masewerawa ndi a anthu anzeru zapadera, iye sangathe. Akudziimba mlandu pa cholakwa chimene si chake.

Pempho langa ndi ili, akonzi. Pezani munthu wachiwiri woti aziyankha crossword yonse isanasindikizidwe, asanaone mayankho. Posindikiza mayankho, muziikapo kufotokoza kwachidule kwa mmene funso lililonse lamangidwira, kuti wolembayo azidziwa kuti adzayenera kuonetsa njira yake. Ndipo pa funso la SHORE ndi la LAKE MALAWI, lembani mzere umodzi Loweruka likubwerali wovomereza kuti munalakwitsa. Yankho lanu mulilembe pansi pomwe pano kuti enanso alione.