Ndine wolandira alendo komanso mlonda, tsopano akuti ndilipire katundu wobedwa

Okondedwa Azakhali,

Ndakhala ndikuwerenga malangizo anu kwa nthawi yaitali, ndipo lero ndaganiza zoti nanenso ndikutulireni nkhawa yanga, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndine bambo wa zaka 36, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana atatu. Ndimagwira ntchito pamalo ena ogona alendo ku Senga Bay m'boma la Salima. Dzina la malowa sinditchula, chifukwa cholinga changa si kuchititsa manyazi munthu aliyense, koma kupeza njira yotulukira m'vuto limene landisowetsa mtendere.

Ndinalembedwa ntchito m'chaka cha 2017 ngati wolandira alendo. Ambiri amaganiza kuti ntchito imeneyi ndi yongopereka makiyi ndi kulemba malisiti, koma kuno kunyanja ili ndi zambiri. Mlendo akafuna kukaona chilumba cha Namalenje kapena zilumba za Maleri, ndine amene ndimamupezera bwato ndi munthu wodalirika wolipalasa kapena kuliyendetsa, ndiponso ndine amene ndimamuletsa kulowa panyanja m'miyezi ya Juni ndi Julayi mwera ukavuta. Akafuna kuona nyama ndimamulongosolera njira ya kumalo osungira nyama otchedwa Kuti, kapena msewu wa M5 wopita ku nkhalango ya Nkhotakota, kumene anapititsako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete m'zaka za 2016 ndi 2017. Ndimamuuza nthawi yoyenera kunyamuka kuti akapeze ndege ku Lilongwe, ndimamuchenjeza za likodzo ndi za mvuu, ndipo akalakalaka chambo kapena kampango wa tsiku lomwelo ndimadziwa msodzi woti ndimuimbire foni. Ntchito imeneyi ndimaikonda ndi mtima wonse, ndipo m'zaka zonsezi sindinalandirepo kalata yondichenjeza ngakhale imodzi.

Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 2020 pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa alendo. Anzathu ambiri anauzidwa kuti akadikire kunyumba ndipo sanaitanidwenso, kotero kuti mwa alonda anayi amene tinali nawo munatsala awiri okha. Kenaka m'chaka cha 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri mpaka kumiza mchenga ndi zipinda zina za m'mphepete, ndalama zinachepa, ndipo mlonda winanso anachotsedwa. Apa m'pamene bwana wathu anandiitana nandiuza kuti ndizigwira usiku, ndipo popeza usiku alendo amakhala atagona, ndiziyang'aniranso mbali yakunyanja, pamene mlonda wotsalayo, amene ndi bambo wachikulire, azikhala pageti. Anati zimenezi ndi za kanthawi kochepa chabe. Anandipatsa tochi, wenzulo ndi chibonga, koma sanandipatse kalata iliyonse yosonyeza kuti ntchito yanga yasintha, sanandiphunzitse chilichonse chokhudza ulonda, ndiponso malipiro anga sanakwere ndi tambala lomwe. Ndinavomera chifukwa ndinaona mmene anzanga anapitira, ndipo ndinkadziwa kuti wokana ndi amene adzatsatire.

Azakhali, chimene ndikufuna kuti mumvetse ndi chakuti ntchito ziwirizi zimakokana, ngakhale kuti pongoziyang'ana zimaoneka ngati munthu mmodzi angathe kuzigwira. Wolandira alendo amayenera kupezeka pamalo amodzi odziwika, kuti mlendo amene wafika mochedwa kuchokera ku Lilongwe, kapena amene mpopi wavuta m'chipinda chake, adziwe komupeza. Mlonda wabwino sakhala malo amodzi, ndipo sayenera kudziwika kuti pa nthawi yakuti amakhala pakuti, chifukwa wakuba amayamba waphunzira kayendedwe kake. Ndikakhala patebulo langa, kunyanja kulibe munthu. Ndikazungulira kunyanja, foni ya pa ofesi imalira popanda woyankha, ndipo m'mawa ndimamva kuti mlendo wadandaula. Palibe usiku umene ndinagwirapo ntchito ziwirizi mokwanira, ndipo ndakhala ndikupita kunyumba m'mawa uliwonse ndikudziwa kuti imodzi ndaiperewera.

Palinso china chimene chimandipweteka kuposa kutopa. Wolandira alendo amaphunzitsidwa kuona munthu aliyense ngati mlendo woyenera ulemu, pamene mlonda amayenera kukayikira aliyense amene sakumudziwa. Kumbali yakunyanja kulibe mpanda, ndipo sungamange mpanda pamadzi. Usiku asodzi a usipa amadutsa pamchenga ndi nyali zawo popita kapena pochokera kumabwato, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu amene ndinakulira nawo limodzi, ena ndi abale a mayi a kunyumba kwanga. Masana ndimawaitana kuti atenge alendo pabwato kapena awagulitse ziboliboli, usiku ndimawaunika ndi tochi kumaso ndi kuwafunsa chimene akufuna. Ena amamvetsa, koma ena anayamba kundinena kuti ndadzikweza chifukwa cha malaya oyera. Chimodzimodzinso mlendo akabwera pakati pa usiku ndi munthu amene sanalembedwe m'kaundula: monga wolandira alendo ndiyenera kumusungira ulemu, koma monga mlonda ndiyenera kufunsa dzina ndi chitupa cha munthu winayo. Ndikafunsa, mlendo amakwiya nakandinenera kwa bwana. Ndikapanda kufunsa, mtima sukhala m'malo mpaka kucha.

Za maola ndingonena mwachidule. Ndimalowa 6 koloko madzulo ndi kuweruka 6 koloko m'mawa, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo pamene kuli misonkhano kapena alendo a patchuthi ndimapitirira mpaka mnzanga wa masana atafika ndi kukhazikika. Mukawerengetsa mupeza kuti ndi maola 72 pa sabata, ndipo amene amadziwa kutentha kwa Salima m'mwezi wa Okutobala akudziwa kuti tulo ta masana m'nyumba ya malata si tulo ayi.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba. Masabata atatu apitawa, nthawi itangopitirira 1 koloko usiku, mayi wina amene anagona m'chipinda chapafupi ndi ofesi anabwera akuthamanga ndi kulira, atanyamula mwana wa zaka zitatu amene thupi linali litatentha kwambiri ndipo anali atayamba kukomoka. Magetsi anali atathima, ndipo jenereta timaizimitsa 11 koloko pofuna kusunga dizilo. Mayiwo analibe galimoto, ndipo chipatala chachikulu chili kuboma, mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera kuno. Ndinaimbira dalaivala wina amene ndimamudziwa, foni yake sinayankhidwe, ndinaimbira wachiwiri amene anavomera koma anati alibe mafuta okwanira, kotero ndinatapa ndalama za m'thumba mwanga kuti agule kwa anyamata ogulitsa m'zigubu. M'nthawi yonseyi ndinali kunyowetsa nsalu ndi kupukuta mwanayo, kenaka ndinamunyamula mpaka pageti ndi kudikira galimotoyo. Zonsezi zinanditengera mphindi pafupifupi 40, ndipo ndikuvomera kuti m'mphindi zimenezo sindinaganizeko za kunyanja ngakhale pang'ono.

Nditabwerera ndi kuzungulira, ndinapeza zenera la chipinda chakumapeto litathyoledwa. Alendo a m'chipindamo anali asanabwere kuchokera kokacheza, ndipo atafika anapeza kuti laputopu, kamera ndi mafoni awiri zapita. Mapazi anaonekera pamchenga mpaka m'madzi. Ndinaliza wenzulo, ndinadzutsa bwana pafoni, ndipo m'mawa apolisi anabwera nalemba zimene aliyense wa ife ananena. Mwana uja anapezeka ndi malungo, anachira, ndipo mayi ake anabwera kudzandithokoza asananyamuke.

Patapita masiku awiri bwana anandiitanira mu ofesi. Anati ndinachoka pamalo anga a ntchito, ndipo ine nditafunsa kuti malo anga a ntchito ndi ati pakati pa tebulo ndi kunyanja, anati ndikuchita mwano. Anatulutsa kalata yolembedwa kale, yonena kuti ndikuvomera kuti katunduyo anabedwa chifukwa cha kunyozera kwanga, ndiponso kuti ndikulola kuti azindidula malipiro mwezi ndi mwezi kufikira mtengo wake utakwana. Mtengo umene anautchula ndi woposa malipiro anga a chaka chathunthu. Anati ndikakana kusaina ndiye kuti ntchito yatha. Chimene chinandilasa mtima kwambiri ndi mawu amene anawonjezera, akuti popeza ndimadziwana ndi asodzi onse a pano, anthu angaganize kuti ndinapangana nawo. Kudziwana ndi anthu kumeneku ndi kumene kwakhala kukuthandiza malowa zaka zonsezi, ndipo bwana yemweyo ankandiyamikira nako pamaso pa alendo. Lero kwasanduka umboni wondinamizira kuba.

Sindikufuna kunama kuti bwana wathu ndi munthu woipa mtima. Ndinaona ndi maso anga mmene madzi anawonongera zipinda, ndipo ndikudziwa kuti alendo obedwawo anamuvuta kwambiri mpaka anawabwezera ndalama zawo zogonera. Pamene mayi anga anamwalira anandithandiza ndi galimoto ya maliro, ndipo zimenezo sindinaiwale. Koma ndikuona kuti iye anasankha kusunga malipiro a mlonda mmodzi, ndipo tsoka limene kusankha kumeneko kwabweretsa akufuna kuti ndilisenze ndekha.

Kunyumba maganizo agawikana. Mayi a kunyumba akuti ndisaine, chifukwa ntchito ndi yosowa, mwana wathu woyamba ali Fomu 2 ndipo fizi ya teremu ikubwerayi sitinaipeze, ndipo akuti ndi bwino kulandira theka kusiyana ndi kubwera manja lendelende. Achimwene anga aakulu, amene anagwirapo ntchito pa esiteti ina, akuti ndisayerekeze, chifukwa kusaina ndi kudzimangirira chingwe ndekha, ndipo kalata yomweyo ikhoza kudzagwiritsidwa ntchito pondichotsa popanda kanthu kapena ponditengera kukhoti. Iwo anandiuza kuti lamulo la zantchito la Employment Act la chaka cha 2000 limaika maola 48 pa sabata ndipo opitirira apo amayenera kulipidwa mwapadera, kuti wolemba ntchito amayenera kupereka kwa wantchito chikalata cholongosola ntchito yake ndi malipiro ake, ndiponso kuti munthu sayenera kuchotsedwa ntchito pa mlandu asanapatsidwe mpata wofotokoza mbali yake. Akuti ndipite ku ofesi ya zantchito kuboma, ndipo zikakanika kumeneko kuli khoti la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court.

Mawu a achimwene ndikuwamva, koma ndili ndi mantha. Senga Bay ndi dera laling'ono, eni malo ogona alendo amadziwana onse, ndipo munthu amene wadziwika kuti anakasumira bwana wake sapezanso ntchito m'mbali muno. Ndikuopanso kuti ndikakweza nkhaniyi mlandu ugwera bambo wachikulire wa pageti uja, amene nayenso anali nane pothandiza mwanayo, ndipo iye alibe kwina kolowera. Komanso ine sindikufuna kusiya ntchito yolandira alendo. Ndi ntchito yokhayo imene ndimaidziwa bwino, ndipo ndinali ndi maganizo odzapita kukawonjezera maphunziro kusukulu ya zokopa alendo ya Malawi Institute of Tourism ana akakulako.

Choncho Azakhali, ndikupempha kuti mundiunikire pa zinthu izi. Kodi bwana ali ndi mphamvu yondidula malipiro chifukwa cha katundu amene sindinabe, pa ntchito ya ulonda imene sindinalembedwere ndiponso sindilipidwa? Kodi ndikakana kusaina, ndikane motani kuti kusaoneke ngati mwano, ndipo kodi ndi bwino kuti ndiyankhe ndi kalata yanga yolongosola zimene zinachitika usiku umenewo ndi kusunga ina? Mayi wa mwana uja anandisiyira nambala yake ndipo anati ali wokonzeka kundichitira umboni, koma sindikudziwa ngati kumulowetsa m'nkhaniyi kungandithandize kapena kungakwiyitse bwana kwambiri. Kodi kupita ku ofesi ya zantchito kukangofunsa malangizo kumatanthauza kuti ndatsegula mlandu, kapena munthu angathe kukafunsa mwakachetechete asanasankhe chochita? Ndipo ngati zitatheka kuti ndikhalebe pantchito, ndingamuuze bwanji bwana mwaulemu kuti asankhe chimodzi, andibwezere patebulo langa kapena andilembe ulonda weniweni ndi maphunziro ake ndi malipiro ake, popeza zonse ziwiri sindingazikwanitse?

Pali funso lina limene sindinafunse munthu aliyense, ngakhale mayi a kunyumba. Usiku uliwonse ndikamazungulira kunyanja ndimadzifunsa kuti mlendo wina akadzabweranso akulira ndi mwana m'manja ndidzatani, popeza tsopano ndikudziwa mtengo wake. Mtima wanga umandiuza kuti ndidzachitanso zomwezo, koma ndikuchita mantha kuti tsiku lina ndidzayamba ndazengereza, ndipo sindikufuna kukhala munthu wotero.

Bwana wandipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno kuti ndibweze kalatayo nditasaina. Pakali pano ili m'thumba la jekete limene ndimavala usiku, ndipo ndikupitirizabe kugwira ntchito zonse ziwiri monga kale. Chonde ndiyankheni tsikulo lisanafike.

Ine wothedwa nzeru,
Senga Bay, Salima