Tiwathokoze a sosho akadali moyo

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule za anthu amene amagwira ntchito yosamalira ndi kuteteza anthu ovutika, amene kumudzi timangowatchula kuti "a sosho". Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo zaka zanga zambiri ndinaphunzitsa m'sukulu zakumudzi. Ndili ndi ngongole kwa mmodzi wa anthu amenewa, ngongole imene sindingathenso kuibweza, ndipo ndi imene yandilembetsa kalatayi.

Chaka china, pasukulu ina imene ndinali mphunzitsi wamkulu, mtsikana wa Sitandade 7 anangosiya kubwera pakati pa teremu yachiwiri. Anali ndi zaka 14, wanzeru kwambiri pa masamu. Nditafunsa anzake, anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Wapita kubanja." Mwamunayo anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, ali ndi foni yaikulu ndi malata ochepa. Ndinanyamuka ndi amayi awiri a komiti yoyang'anira atsikana pasukulupo kupita kwawo kwa mwanayo. Malume ake sanatipatse n'komwe mpando. Anati, "Aphunzitsi, inu kaphunzitseni. Za pakhomo pano zili ndi eni ake." Tinabwerera manyazi ali tho.

Ndinakauza mnyamata woteteza ana wa m'dera lathu, yemwe amayenda panjinga yakapalasa, ndipo iye anakatula nkhaniyo kuboma. Patatha sabata kunabwera mayi wina wa sosho, pakabaza, fumbi lili mbuu m'nsalu. Ine ndinkayembekezera kuti afika ndi mapepala a malamulo komanso wapolisi pambuyo. Ayi ndithu. Anakhala pamphasa pamodzi ndi mayi ake a mtsikanayo, n'kuwafunsa kuti dzulo anagonera chiyani. Funso limenelo ine sindinaliganizire n'komwe. Apo m'pamene zinatuluka: bambo a mwanayo anamwalira, mayiwo ankadwaladwala, chimanga chinatha kalekale, ndipo mkamwiniyo ndi amene ankagula ufa pakhomopo. Ukwatiwo unali wa njala.

Tsiku lachiwiri anabweranso, ulendo uno pamaso pa amfumu, ndipo anafotokoza lamulo mosapsatira mawu, kuti mwana wosakwana zaka 18 sakwatiwa ndipo womukwatirayo ali ndi mlandu. Anamutengera mtsikanayo kuchipatala kuti akamuyeze, anaonetsetsa kuti nkhani ya mwamunayo yafika kupolisi, anafunafuna gulu lina loti lithandize banjalo ndi chakudya ndi yunifolomu. Koma chimene chimandikhudza mpaka lero n'chakuti sanalekere pomwepo. Kwa miyezi ingapo ankatulukira pasukulu mosayembekezeka n'kupempha kaundula wa kalasi kuti aone ngati mwanayo akubweradi. Kawiri konse ndinadzamva kuti ndalama ya kabaza anatulutsa m'thumba mwake. Mtsikanayo analemba mayeso a Sitandade 8 ndipo anasankhidwa kupita kusekondale yoyendera.

Tsiku lotsekera sukulu ndinaimirira pamaso pa makolo, ndinathokoza amfumu, ndinathokoza komiti, ndinapereka makope kwa ana okhoza bwino. Mayi uja sindinamutchule. Sindinachite dala, kungoti sanali pamaso panga. Kenako anasamutsidwira kuboma lina, ndipo patapita zaka ndinamva kuti anatisiya. Ndikukhulupirira kuti pamaliro ake anawerenga mbiri yabwino, monga timachitira Amalawi, koma mwiniwake sanaimve.

Ndaganizira kwambiri chifukwa chimene anthu amenewa timawaiwalira. Womanga mlatho amasiya mlatho, aliyense amauona. Namwino timamukumbukira chifukwa tinagona m'manja mwake. Koma wa sosho akagwira bwino ntchito yake, chimene chimaoneka ndi mwana amene ali m'kalasi monga anzake, basi. Ndiponso ntchito yawo ndi yosunga chinsinsi. Sangaime pawailesi n'kunena kuti mwana wa uje anagwiriridwa ndi bambo ake omupeza ndipo ine ndinamupulumutsa. Wa sosho wabwino amatseka pakamwa kuti mwanayo akule opanda kulozedwa chala. Ndiye ngati ife amene tinaona ndi maso sitilankhula, palibenso wina woti n'kulankhula.

Dziko lathu lili ndi malamulo abwino. Mu 2010 tinakhazikitsa lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati limene linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi zimenezi. Tinaomba m'manja, ndipo kunali koyenera. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana, ndipo ulemu umenewo unali woiyenera. Koma lamulo silikwera kabaza. Ukwati ukathetsedwa pabwalo la mfumu, pamafunika munthu woti abwererenso mwezi wamawa kukaona ngati mwanayo sanabwezedwe usiku kwa mwamuna uja.

Taonani kumene anthu amenewa amapezeka. Mwana akapalamula mlandu, wa sosho ndi amene amapita kukaona kwawo n'kulemba lipoti limene limathandiza woweruza kuganiza ngati mwanayo abwerere kwa makolo kapena apite kukasinthidwa khalidwe ku Mpemba ku Blantyre kapena ku Chilwa ku Zomba. Lipoti lolembedwa mwaulesi likhoza kuononga moyo wonse wa mwana amene anangoba nkhuku chifukwa cha njala. Wina akaimba nambala ya 116 kudandaula za mwana wozunzidwa, pamapeto pake pamafunika munthu wa miyendo iwiri woti akafike pakhomopo. Ku Chikwanekwane, m'zipatala zathu, amakhala pambali pa namwino ndi wapolisi kulandira ana ndi amayi ochitiridwa nkhanza. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amayendanso ndi miyendo yawo, ndipo dzina la gogo wina likasowa pamndandanda, iwowo ndi amene amatukwanidwa. Namondwe wa Freddy atakokolola midzi mu Malichi 2023, ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, n'kupha anthu oposa 1,000, panafunika anthu oti alembe maina a ana osochera m'misasa, afufuze abale awo, akhale pansi ndi mayi amene ana ake onse apita ndi matope. Tinajambula magalimoto a ufa ndi mabulangete. Amene ankakhala pansi ndi olirawo sitinawajambule.

Ena anena kuti si onse amene ali otero, ndipo akunena zoona. Ndinakumanapo ndi ena amene sasuntha pampando pokhapokha pakhale alawansi. Koma chimenechi ndiye chifukwa chenicheni chosiyanitsira. Ngati wolimbikira ndi waulesi tiwaona chimodzimodzi chaka ndi chaka, wachinyamata amene wangotuluka kumene ku koleji yophunzitsa a sosho ya Magomero adzatsanzira uti?

Maiko ena anazindikira kale. Jane Addams, amene anatsegula nyumba ya Hull House yothandiza osauka ku Chicago mu 1889, analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 1931. Abale athu okhala ku Joni akudziwa chipatala chachikulu cha Charlotte Maxeke ku Johannesburg. Mayi Maxeke, mwini dzinalo, kuwonjezera pa kumenyera ufulu wa anthu akuda, anagwirapo ntchito yoyang'anira ana opalamula milandu kukhoti. Ndipo chaka chilichonse, Lachiwiri lachitatu la mwezi wa Malichi, dziko lapansi limakumbukira ntchito imeneyi. Mu 2021 mutu wa tsikuli unali Ubuntu, umene ndi umunthu wathu womwewu, womwe agogo athu ankauphunzitsa ponena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mutu unachokera kuno kwathu ku Africa, koma ndikayika ngati m'mudzi mwathu munali munthu ndi mmodzi yemwe amene anadziwa za tsikulo.

Pempho langa ndi ili. Tsiku limeneli likamafika, boma lililonse lisankhe wa sosho mmodzi ndi woteteza ana wa kumudzi mmodzi amene agwira ntchito modzipereka, n'kuwathokoza pagulu. Osati kuhotela kumzinda kumene mabwana amapatsana zikho okhaokha, koma pabwalo la boma lomwelo, pamaso pa anthu amene amawatumikira. Osankha akhale mafumu, aphunzitsi, anamwino, apolisi a ofesi yothandiza ozunzidwa ndi amayi a m'makomiti a sukulu, poti iwowa ndi amene amadziwa amene amabweradi mvula ikugwa. Palibe chifukwa choululira dzina la mwana aliyense. N'zokwanira kunena kuti uyu anayenda, anabwereranso, sanatope. Ndipo mphatso yake isangokhala satifiketi yopachika pakhoma. Ikhale njinga yamoto yokhala ndi mafuta ake, kapena mwayi wokawonjezera maphunziro, kapena kukwezedwa pantchito. Kumupatsa munthu chikho lero n'kumusiya mawa akulipira yekha kabaza popita kukapulumutsa mwana wa eni ake, kumeneko si kuthokoza.

Inunso Akonzi muli ndi mbali yanu. Tipatseni tsamba limodzi mwezi wa Malichi uliwonse kuti owerenga tizilemba za a sosho a m'madera mwathu. Mukatsegula tsambalo, kalata yoyamba idzakhala yanga, ndipo ndidzalemba za mnyamata woteteza ana uja amene anapalasa njinga kukatula nkhani ya mwana wanga wa Sitandade 7 kuboma. Tsitsi lake layamba imvi tsopano, koma ndinakumana naye mwezi wathawu ali panjinga yomwe ija, akupita kumudzi wina kumene anamva kuti mwana wasiya sukulu.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Zomba